Mafunso ndi mayankho: kutola miyala, kuizindikira ndi kuisema

Anthu amene angoyamba kutola miyala amafunsa mafunso ofanana ndithu, ndipo ambiri mwa mafunsowo amabadwa ndi changu. Mwala uli m'manja, mtima ukufuna kuuswa, kuuviika mu asidi kapena kuupera lero lomwe. Ine maganizo anga ndi akuti mwala uzidziwika kaye usanakhudzidwe ndi chida chilichonse, chifukwa chimene mwachotsa pa mwala sichibwereranso.

Kodi thanthwe ndi mineral n'zosiyana bwanji, poti zonse timangoti miyala?

Mineral ndi chinthu chimodzi chopangika chokha m'chilengedwe, chimene maatomu ake amayalana mwa dongosolo lomwelo kulikonse kumene chapezeka. Quartz ndi silicon ndi oxygen, ndipo kaya wachokera ku Brazil kaya ku Madagascar, akapeza mpata wokula amatuluka ndi mbali 6. Thanthwe ndi msanganizo. Mukayang'anitsitsa granite muona timadontho totuwa ngati galasi, tina toyera kapena tofiirira, tina takuda tonyezimira. Amenewo ndi quartz, feldspar ndi mica atagwirana pamodzi.

Bungwe la International Mineralogical Association, limene linakhazikitsidwa mu 1958, ndi limene limavomereza mayina a ma mineral atsopano, ndipo pano odziwika ndi pafupifupi 6,000. Chiwerengerochi chisakuopseni. Amene mudzakumana nawo kawirikawiri ndi ochepa kwambiri, ndipo mukadziwa bwino 20 okha mwayamba kale kuwerenga nthaka.

Kudziwa mtundu wa thanthwe kumakuuzani chimene mungayembekeze. Agate amakonda kupangika m'timapanga timene mpweya unasiya m'chiphalaphala cha basalt chikamazizira. Makrustalo (ma mineral amene anakula okha ndi mbali zosalala) akuluakulu a tourmaline, beryl ndi topaz amapezeka mu pegmatite, thanthwe lochokera ku chiphalaphala chotsalira cha granite chimene chinauma mochedwa chili ndi madzi ambiri. Garnet mumufunefune mu schist, thanthwe limene linasandulika chifukwa cha kutentha ndi kupanikizika pansi pa nthaka.

Ndiyambe ndi zida ziti?

Zochepa. Kagalasi kokulitsa zinthu maulendo 10, hamala ya miyala, tchizulo, magalasi oteteza maso, nsapato zolimba, mapepala okulungira, kabuku ndi cholembera. Hamala ya kalipentala musaigwiritse ntchito pa thanthwe. Chitsulo chake chinaumitsidwa kuti chizimenya misomali, ndipo chikakumana ndi quartz chimatha kubenthuka, kachidutswa n'kuthamangira m'diso. Pa zida zonsezi, chimene chimasintha munthu ndi kagalasi kaja. Kaikeni pafupi ndi diso, mwala ndi umene muziusendeza mpaka uoneke bwino.

Ndingadziwe bwanji dzina la mwala umene ndatola?

Choyamba, musakhulupirire mtundu. Mtundu ndi umene umakopa maso, komanso ndi umene umasocheretsa anthu ambiri. Quartz yemweyo amakhala woyera mbee, wapepo (uyu ndiye amethyst), wachikasu, wotuwa ngati utsi kapena wofiirira pang'ono. Ruby ndi sapphire ndi mineral mmodzi, corundum: kachigawo kakang'ono ka chromium kamamufiiritsa, chitsulo ndi titanium zimamupatsa mtundu wa buluu. Emerald ndi aquamarine nawonso onse ndi beryl.

Yambani ndi kulimba. Mu 1812 Friedrich Mohs wa ku Germany anandandalika ma mineral 10 motsatira amene amakala mnzake: talc 1, gypsum 2, calcite 3, fluorite 4, apatite 5, orthoclase 6, quartz 7, topaz 8, corundum 9, dayamondi 10. Simukusowa kugula onsewo. Chikhadabo chanu chili pa 2.5, ndalama ya mkuwa pafupifupi 3, mpeni ndi galasi la pawindo pafupifupi 5.5. Mwala woyera umene chikhadabo chikuukala ukhoza kukhala gypsum. Umene chikhadabo chikulephera koma mpeni ukuulowa mosavuta ukhoza kukhala calcite. Umene ukukala galasi uli pa 6 kapena kuposa, ndipo nthawi zambiri amakhala quartz. Mukakala, pukutani ndi chala n'kuyang'ana ndi kagalasi, chifukwa nthawi zina mzere umene mukuona ndi ufa wa mwala wofewa umene wangotsalira pamwamba. Ndipo muzikala kumbuyo kapena kunsi, osati pa nkhope ya krustalo yokongola. Dziwaninso kuti manambala a Mohs amangonena amene ali patsogolo pa mnzake, masitepe ake si ofanana: dayamondi ndi wolimba pafupifupi maulendo anayi kuposa corundum ngakhale akutsatizana.

Chachiwiri ndi mtundu wa ufa wake. Khulani mwalawo kumbuyo kwa thailosi yoyera, mbali yosawala ija. Hematite akhoza kuoneka wakuda kapena wonyezimira ngati chitsulo, koma mzere wake nthawi zonse umakhala wofiira ngati dzimbiri. Mayeso amenewa sagwira pa miyala yolimba kuposa thailosiyo.

Kenaka onani mmene umaswekera, pa malo amene anasweka kale. Mica amasendeka masamba opyapyala. Halite, amene ndi mchere wa m'thanthwe, amasweka timabokosi ta makona oongoka. Calcite amasweka timabokosi topendekeka, ndipo ngakhale mutaswa kachidutswa kangati, kamatuluka kopendekeka chimodzimodzi. Nkhani imati René Just Haüy wa ku France anagwetsa calcite mwangozi, ndipo ataona zidutswazo anazindikira kuti krustalo amamangidwa ndi timagawo tating'ono tofanana. Quartz alibe njira yoswekera, amabenthuka mokhota ngati botolo.

Kulemera kumathandiza kwambiri ndipo anthu ambiri amakudumpha. Yezani mwala pa sikelo. Kenaka ikani kapu ya madzi pa sikeloyo, muibweze pa ziro, mumange mwala ndi ulusi n'kuulowetsa m'madzi wonse osakhudza pansi. Gawani kulemera koyamba ndi nambala yachiwiriyo, ndipo mupeza maulendo amene mwalawo ukulemera kuposa madzi. Quartz amapereka 2.65, barite 4.5, pyrite pafupifupi 5, galena pafupifupi 7.5. Onjezani dontho la viniga, limene limachita thovu pang'onopang'ono pa calcite, ndi maginito, amene amagwira magnetite mwamphamvu. Mayeso amodzi paokha sakwanira, koma atatu kapena anayi akagwirizana dzina limatsala pafupi. Mukafika apo yerekezani ndi zithunzi za pa Mindat, malo a pa intaneti amene amasonyeza ma mineral ndi kumene amapezeka.

Ndapeza mwala wonyezimira ngati golide. Kodi ndi golide?

Kawirikawiri amakhala pyrite, chalcopyrite kapena mica wachikasu. Golide ndi wofewa, ali pakati pa 2.5 ndi 3, ndipo mukamubaya ndi singano amabonyoka osasweka. Pyrite ali pa 6 mpaka 6.5, mpeni sumulowa, mukamumenya amanyenyeka, ndipo mzere wake pa thailosi ndi wakuda mobiriwira pamene wa golide ndi wachikasu. Golide woyengeka amalemera maulendo 19.3 kuposa madzi, choncho ngakhale kachidutswa kakang'ono kamamveka m'dzanja. Koma pyrite musamutaye chifukwa si golide. Amene amachokera ku Navajún ku Spain amakhala timabokosi tosalala ngati tadulidwa ndi makina, ndipo otolera miyala padziko lonse amawafuna.

Funso lofanana nalo ndi la miyala yogwa kumwamba. Chinthu chakuda, cholemera, chodzaza ndi timabowo ta thovu nthawi zambiri chimakhala zotsalira posungunula chitsulo. Miyala yeniyeni yogwa kumwamba kawirikawiri sikhala ndi timabowo totero.

N'chifukwa chiyani otolera miyala amalimbikira zolemba kapepala?

Chifukwa mwala wopanda kwawo wataya theka la nkhani yake. Dzina likasowa, munthu wodziwa akhoza kulipezanso ndi mayeso ngakhale patapita zaka 100. Malo amene mwalawo unatoledwa akaiwalika, palibe makina amene angawabwezeretse motsimikiza. Lembani tsiku lomwelo: malo enieni, tsiku, mtundu wa thanthwe limene unalimo, ndi amene anatola. Lembani kanambala kakang'ono kunsi kwa mwala, nambala yomweyo ilowe m'kabuku.

Taganizirani mgodi wa Tsumeb ku Namibia. Munatuluka ma mineral oposa 200, ena mwa iwo anayamba kudziwika pamenepo, ndipo munatulukanso makrustalo a dioptase obiriwira kwambiri. Mgodiwo unatsekedwa mu 1996. Lero kapepala kakale kolembedwa kuti mwala unachokera ku Tsumeb, makamaka kakatchula ndi gawo la mgodi, ndi umboni umene sungapangidwenso. Mukagula kapena kulandira mwala uli ndi kapepala kakale, kaya kang'ambika kaya kalembedwa m'chinenero chimene simuchimva, kasungeni. Zimandiwawa kuona bokosi la miyala yabwino imene munthu anatolera moyo wake wonse, iye atapita, palibe amene akudziwa kumene uliwonse unachokera.

Kodi ndingatole paliponse?

Ayi. Malo aliwonse ali ndi mwini wake, ndipo malamulo a za miyala ndi migodi amasiyana dziko ndi dziko. M'mayiko ambiri kutola m'malo otetezedwa n'koletsedwa, ndipo kugulitsa kapena kutulutsa miyala kunja kumafuna chilolezo. Pemphani kaye, kwirirani maenje amene mwakumba, ndipo tengani zokhazo zimene mudzasunge. M'migodi yakale yosiyidwa musalowe: mitengo yochirikiza inaola, pali maenje osaoneka, ndipo mpweya wopanda oxygen sununkha. Pansi pa khoma la kwale musaime nthawi yaitali, makamaka mvula itangogwa.

Ndiutsuke ndi chiyani?

Madzi, sopo pang'ono ndi mswachi wakale zimakwanira pa miyala yambiri. Komabe dziwani dzina kaye. Halite amasungunuka m'madzi, ndipo makrustalo opyapyala ngati ubweya amagona pansi akanyowa, osadzukanso. Madontho a dzimbiri pa quartz amachoka mukamuviika kwa masiku angapo mu oxalic acid, koma asidi yemweyo amawononga calcite ndi malachite. Oxalic acid ndi poizoni, choncho valani magolovesi ndi magalasi, gwirirani ntchito panja, ndipo pomaliza viikani mwalawo m'madzi oyera kwa masiku angapo mukusintha madziwo. Posungunula asidi wamphamvu, thirani asidi m'madzi, osati madzi mu asidi. Yesani kaye pa kachidutswa kamene simungadandaule nako.

Makina ogubuduza miyala amagwira bwanji ntchito, ndipo n'chifukwa chiyani miyala yanga siikuwala?

Makinawa amachita m'milungu ingapo zimene mtsinje umachita pa nsangalabwi m'zaka zambirimbiri. Mumaika miyala mu kamgolo ka labala mpaka magawo awiri mwa atatu, mumathira madzi ndi mchenga wa silicon carbide, kamgolo n'kumazungulira usana ndi usiku. Silicon carbide ndi wolimba kuposa 9, ndipo anayamba kupangidwa mochuluka Edward Acheson wa ku America atapeza njira yake mu 1891. Mumayamba ndi mchenga wokhakhala wa 60/90, kenaka 120/220, kenaka 500 (nambala ikamakula, mchenga umakhala wosalala kwambiri), n'kumaliza ndi polishi wa aluminium oxide kapena cerium oxide. Gawo lililonse limatenga pafupifupi mlungu, koma loyamba ndi limene limaumba mwala, ndipo pa agate kapena jasper wokhakhala mungalibwereze kawiri, katatu kapena kuposa.

Miyala ikakana kuwala, chifukwa chake chimakhala chimodzi mwa zitatu. Mwina munafulumira kuchoka pa gawo loyamba, maenje ndi ming'alu zikadalipo. Mwina kambewu ka mchenga wokhakhala kanabisala mu mng'alu n'kukatulukira mu polishi, ndipo kamodzi kokha n'kokwanira kukala miyala yonse. Kapena munasakaniza yolimba ndi yofewa, monga agate wa 7 ndi fluorite wa 4, wofewayo n'kutha ngati sopo. Tsukani miyala, kamgolo ndi chivindikiro mpaka mbee musanapite pa gawo lina. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa ntchito iyi mlungu umodzi woonjezera pa gawo loyamba umapindula kuposa polishi wodula. Matope otsala musawathire mu sinki, amauma m'mapaipi ngati simenti.

Palinso miyala imene siwala ngakhale mutatani. Sandstone ndi miyala ina yokhala ndi timabowo imangosalala basi.

Kodi cabochon ndi mwala wa mbali zambiri zimasiyana bwanji pa kasemedwe?

Cabochon ndi mwala wa msana wozungulira wosalala, kunsi kwake kwafulati. Ndiwo kasemedwe kakale kwambiri, ndipo kamayenera miyala imene kuwala sikudutsa bwino, monga jasper, turquoise, opal ndi agate. Mumacheka thabwa la mwala ndi sowo ya dayamondi, mumajambula chozungulira pa malo amene mizere yake ikukongola, mumadula m'mbali, kenaka mumamata mwalawo pa kamtengo ndi phula lotentha kuti muziugwira bwino. Mukatero mumaupera pa mawilo a dayamondi, kuyambira 80 ndi 220 poumba, kupitirira 280, 600, 1,200 ndi 3,000 posalalitsa, madzi akudontha nthawi yonse. Chinsinsi chake ndi kusaima malo amodzi. Dzanja likaima pamabadwa kafulati, ndipo kafulatiko kamaonekera polishi ikafika. Muziumitsa mwala pakati pa mawilo n'kuuyang'ana pa kuwala, chifukwa mwala wonyowa umabisa mikwingwirima.

Miyala ina imafuna msana wozungulirawu kuti ionetse chimene ili nacho. Nyenyezi ya mizere 6 mu sapphire imachokera ku tisingano ta rutile m'kati mwake, ndipo imaoneka pokhapokha wosema atalunjikitsa msana moyenera.

Kusema mbali zambiri ndi ntchito ya masamu. Mwala umamatidwa pa kachitsulo ka makina amene amayeza madigiri, ndipo mbali iliyonse imaperedwa payokha pa mbale yozungulira yafulati. Cholinga n'chakuti kuwala kolowa pamwamba kugunde mbali za kunsi n'kubwerera m'maso mwa woyang'ana. Mbali za kunsizo zikakhala zogona kwambiri, kuwala kumangodutsa, pakati pa mwala n'kuoneka ngati windo. Pa quartz malire ake ali pafupi ndi madigiri 40, n'chifukwa chake osema amakonda 42 kapena 43. Dayamondi amakhotetsa kuwala kwambiri, ndipo mu 1919 Marcel Tolkowsky anawerengera miyeso imene inakhala maziko a dayamondi wozungulira wa mbali 57 kapena 58 amene timamuona pa mphete lero. Woyamba kumene ayambire pa quartz kapena miyala yopangidwa m'fakitale, kuti akalakwitsa asataye chinthu chosowa.

Ndili ndi krustalo wokongola. Ndimuseme?

Ngati nsonga yake ili yonse, mbali zake zikuwala ndipo akadali pa thanthwe limene anamerapo, ine ndimati musiyeni. Kusema kumadya mwala. Nthawi zambiri kupitirira theka kumasanduka matope. Dayamondi wa Cullinan, amene anapezeka ku South Africa mu 1905, ankalemera makarati 3,106, ndipo karati imodzi ndi magalamu 0.2. Atamudula ku Amsterdam mu 1908, chidutswa chachikulu pa zonse chinatsala ndi makarati 530. Miyala yosemedwa ya mtundu umodzi imafanana, koma krustalo amene anakula yekha alibe mnzake. Zosema zilipo zambiri: zidutswa zosweka kale, nsangalabwi za mumtsinje, ndi agate amene kunja kwake n'kosaoneka bwino pamene kukongola kwake kuli m'kati.

Kodi pali choopsa pa thanzi?

Chilipo, ndipo chachikulu ndi fumbi. Fumbi la quartz, agate ndi jasper likalowa m'mapapo silituluka. Limayambitsa silicosis, matenda amene amaumitsa mapapo pang'onopang'ono ndipo alibe mankhwala ochiza. Choncho musapere kapena kucheka mwala wouma. Madzi azidontha nthawi zonse, matope muwapukute asanaume, musasese ndi tsache, ndipo valani chophimba mphuno chimene chinapangidwira fumbi losalala. Kansalu wamba sikakwanira.

Ma mineral ena ali ndi poizoni. Cinnabar ali ndi mercury, realgar ndi orpiment ali ndi arsenic, galena ali ndi mtovu, ndipo fumbi la malachite lili ndi mkuwa wochuluka. Uraninite amatulutsa cheza choopsa ndipo sayenera kusungidwa m'chipinda chogona. Miyala ya ulusiulusi ngati chrysotile ndi crocidolite ndi asbestos, isungidwe m'bokosi lotseka. Kusunga zambiri mwa izi n'kotheka bwinobwino, bola muzisamba m'manja, musanyambite mwala umene simukuudziwa, ndipo ana aang'ono asazifikire.

Ndingapewe bwanji kugula mwala wachinyengo?

Kusintha miyala si chinthu chatsopano. Osema a ku Idar-Oberstein ku Germany ankanyika agate wochokera ku Brazil mu utoto kale m'zaka za m'ma 1800, ndipo Auguste Verneuil analengeza njira yopangira ruby m'fakitale mu 1902. Vuto limabwera wogulitsa akabisa. Howlite woyera amapakidwa buluu n'kugulitsidwa ngati turquoise. Citrine wambiri wa pamsika ndi amethyst wotenthedwa, ndipo mumamudziwa ndi nsonga zofiirira ngati zapsa pamene tsinde lili loyera. Tengani kagalasi kanu: timathovu tozungulira m'kati timasonyeza galasi, utoto umaunjikana m'ming'alu, ndipo guluu amaoneka pa tsinde la krustalo womatidwa. Funsani malo enieni amene mwala unachokera. Wogulitsa wodziwa ntchito yake amayankha funso limeneli mosangalala. Ziwonetsero zikuluzikulu monga cha ku Tucson ku America, chimene chinayamba mu 1955, ndi cha ku Sainte-Marie-aux-Mines ku France n'zothandiza chifukwa munthu amaona miyala yambiri ya mtundu umodzi pamodzi, diso n'kuzolowera chenicheni.

Kodi miyala imawonongeka ikamasungidwa?

Ina imatero, ndipo anthu amadabwa. Amethyst ndi fluorite wina amasuluka akakhalitsa pa dzuwa. Realgar wofiira amasanduka ufa wachikasu pa kuwala, vivianite amada. Opal wina amachita ming'alu akauma msanga kapena akatenthedwa. Pyrite ndi marcasite ena, akakhala pa chinyezi, amayamba kununkha sulufule n'kutuluka ufa woyera, ndipo asidi amene amapangika amadya kapepala ndi bokosi lomwe. Mukangoona zimenezi, mpatuleni kwa anzake, mumuike m'chidebe chotseka bwino pamodzi ndi timapaketi ta silica gel, ndipo zimene zinalembedwa pa kapepala kake muzikopere m'kabuku asidi asanazifute.

Mwala uliwonse ukhale ndi kabokosi kake, chifukwa m'kabati imodzi quartz amakala fluorite, topaz n'kukala quartz. Ngati malo ndi ochepa, tolerani timiyala tating'ono tokwana m'kabokosi ka masentimita atatu. Makrustalo ang'onoang'ono nthawi zambiri ndi amene amakhala athunthu kuposa akuluakulu, ndipo mazana angapo amakwana mu dirowa imodzi.